Malangizo kwa Oweta Nkhumba: Kusankha Mbewu



Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mawuwa ngoona ngakhale m'khola, pakuti nkhumba, ingakhale muikhutitse madeya ndi zinyenyeswa za usipa, siingapitirire chibadwa chimene inatengera kwa makolo ake. M'chaka cha 1996 akatswiri a ku Iowa State University ku America, pofufuza nkhumba za mtundu wa Meishan za ku China zimene zimaswa ana ambiri, analengeza kuti apeza chizindikiro m'chibadwa cha nkhumbazo, chotchedwa ESR, chimene chimayendera limodzi ndi kuchuluka kwa ana. Zizindikiro zinanso zokhudza kukula msanga zinapezeka pambuyo pake.

Ife kuno ku Monkey Bay ndi kwa Nankumba zipangizo zoyezera chibadwa sitili nazo pafupi, koma maso ndi kope tili nazo. Lembani tsiku limene yaikazi yakweredwa, muwerenge masiku 114 kufikira tsiku loswa, ndipo ikaswa mulembe ana obadwa ndi amene afika posiya kuyamwa. Yaikazi yosunga ikhale mwana wa mayi woswa ambiri ndi wodziwa kulera, ya mawere osachepera 12 oyalana bwino, ya miyendo yolimba. Yaimuna isakwere mwana wake kapena mlongo wake, chifukwa chibale chimafooketsa mbewu.

Mukagula nkhumba ya mtundu wa Large White kapena Landrace, iyambe yakhala payokha, pakuti ingabwere ndi chigodola, chimene chilibe mankhwala. Ndipo poti anansi athu ambiri ndi Asilamu, nkhumba zikhale m'khola nthawi zonse. Musanagule, kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu.