Momwe Nyimbo Imafikira mu Sipika Yopanda Waya

M'misika ya ku Katete ndi ku Sinda, masipika opanda waya akugulitsidwa pamodzi ndi matochi, mabatire ndi mapanelo a sola. Akulira m'magolosale, pa maukwati ndi pokonzekera kwaya. Koma ogula ambiri sadziwa kuti masipikawa alipo a mitundu iwiri, ya Bluetooth ndi ya Wi-Fi, ndipo kusadziwaku kumawadyera ndalama. Munthu amene wamvetsa njira imene nyimbo imadzera amagula sipika yoyenera nyumba yake, komanso bandulo yake imakhalitsa.

Nyimbo ya pa YouTube kapena Boomplay siikhala m'foni mwanu. Imasungidwa m'makompyuta akuluakulu akutali. Mukaisankha, imayenda m'mawaya a intaneti mpaka pa nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel imene muli nayo pafupi. Nsanjayo imaiponya m'mlengalenga mwa mafunde osaoneka, a mtundu womwewo ndi amene amakubweretserani Mphangwe FM kapena Breeze FM pa wailesi. Mafundewo amalandiridwa ndi foni yanu, kapena ndi kabokosi kotchedwa rauta, kamene ena amati MiFi. Gawo loyamba limeneli la ulendo wa nyimbo ndilo limadya bandulo. Gawo lachiwiri, lochoka pa foni kapena pa rauta kufika mu sipika, ndi laulere. Zili ngati ulendo wochoka ku Lusaka: mumalipira basi ya mu Great East Road, koma mukatsika pa Katete, ndime yotsala yopita kunyumba mumayenda wapansi.

Sipika ya Bluetooth imalankhulana ndi foni yokha, popanda rauta. Mumayatsa sipika mpaka kanyali kake kayambe kuphethira, n'kutsegula Bluetooth m'foni, kenaka n'kudina dzina la sipikayo likaoneka. Mawa lake ziwirizi zimadziwana zokha. Luso limeneli linayambitsidwa ndi kampani ya Ericsson ya ku Sweden mu 1994, ndipo mafunde ake amafika mamita ngati 10. Mukachoka ndi foni kupita kudimba nyimbo imaduka, ndipo wina akakuimbirani imayamba yaima.

Sipika ya Wi-Fi imagwira ntchito mosiyana. Imalowa yokha pa netiweki ya m'nyumba. Tsiku loyamba mumaika m'foni pulogalamu ya kampani imene inapanga sipikayo. Pulogalamuyo imakufunsani dzina la netiweki yanu ndi pasiwedi yake, zimene nthawi zambiri zimalembedwa kunsi kwa rauta kapena m'kati mwa chivindikiro chake. Foni ndi sipika ziyenera kukhala pa netiweki imodzi. Marauta ambiri amatulutsa mafunde a mitundu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz, ndipo masipika ena amamva a 2.4 GHz okha, mafunde omwenso amadutsa bwino khoma la njerwa. Zikalumikizana, sipika imadzitengera yokha nyimbo ku rauta, foni n'kutsala yongolamula. Ikani rauta pamalo okwera, pakati pa nyumba, kutali ndi zitsulo, chifukwa malata ndi makoma okhuthala amafooketsa mafunde.

Tsono banja la kuno lisankhe iti? Kwa ambiri a ife, ya Bluetooth ndiyo yotiyenera, ndipo umboni wake ndi masamu. Nyimbo yomveka bwino pang'ono imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, kutanthauza 60 MB pa ola. Mukamamvetsera maola atatu tsiku lililonse, pa mwezi mwadya kupitirira 5 GB, ndipo ya vidiyo imadya kuposa pamenepo. Sipika ya Wi-Fi ikamaimba za pa intaneti, imakatenga nyimboyo mwatsopano nthawi iliyonse, ndiye kuti mumailipira mobwerezabwereza. Koma nyimbo imene mwaikopera m'foni kapena pa memori khadi mumailipira kamodzi, n'kumaiimba pa Bluetooth chaka chonse, ngakhale kumapiri a ku Vubwi kumene netiweki imabwera n'kuthawa.

Wina anganene kuti, "Komatu ya Wi-Fi ndiyo yabwino. Imafika patali, siiduka foni ikalira, ndipo masipika angapo angaimbe nyimbo imodzi m'zipinda zosiyana." Zonsezi n'zoona. Pa loji, pa sukulu kapena m'nyumba imene muli kale rauta ndi bandulo ya pa mwezi, sipika yotere ndi yothandiza. Koma imadalira zinthu zitatu nthawi imodzi: malaiti, rauta ndi bandulo. Chimodzi chikasowa, yakhala chete. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti a ZESCO ankazima maola ambiri pa tsiku. Masipika ambiri a Wi-Fi alibe batire, pamene a Bluetooth amatchajidwa ndi kapanelo ka sola n'kulira mpaka usiku.

Ena amaopa kuti kutsegula Bluetooth kumamaliza bandulo. Ayi, chimene Bluetooth imadya ndi batire, ndipo pang'ono chabe. Chomaliza bandulo ndi intaneti imene mwaisiya yotsegula. Enanso amati izi n'za ana, asiyireni okha. Maganizo amenewa ndi otayitsa, chifukwa bandulo imagulidwa ndi ndalama za chimanga, nshawa ndi soya zimene inu mwakhetsera thukuta. Kholo losadziwa pasiwedi ya rauta ya m'nyumba mwake silingadziwe kuti akudya bandulo ndani. Musinthe pasiwediyo, muilembe m'kabuku kanu, ndipo muzipatsa okhawo amene mwafuna.

Choncho musanatulutse ndalama pa shopu, werengani zolembedwa pa katoni, muone ngati palembedwa Bluetooth, Wi-Fi kapena zonse ziwiri. Funsani ngati sipikayo ili ndi batire ndi polowetsa memori khadi, ndipo muiyese ndi foni yanu wogulitsa ali pomwepo. Ngati kwanu kulibe rauta ndi malaiti odalirika, gulani ya Bluetooth.