Phazi la wodwala shuga silidandaula

Ana anga a m'chigwa cha Domasi, kuyambira m'munsi mwa phiri la Malosa mpaka ku minda ya mpunga ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, tcherani khutu. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga. Ena mwa iwo mumadya nawo mbale imodzi.

Shuga akakhalitsa ali wokwera m'magazi amawononga mitsempha ya kumapazi, phazi n'kuchita dzanzi. Munthu amatha kuponda minga m'mawa, n'kulima nayo tsiku lonse osamva kanthu. Magazi nawonso safika mokwanira kumapaziko, choncho kachilonda kakang'ono sikapola msanga. Kamatola tizilombo m'matope, phazi n'kutupa, kutulutsa mafinya, kenako chala n'kuda bii. Zikafika pamenepo, dokotala ku Zomba Central amakamba zodula chala, mwinanso mwendo.

Ine zala zanga zakuphazi sizikwananso, ndipo amene ndinagona nawo mu wodi sanabwere ndi ngozi za galimoto ayi. Wina linali thuza la nsapato yothina, wina anapsa powotha mbaula m'nyengo yozizira, wina anadzicheka ndi lumo powenga chikhadabo. Chilonda chotere chimagoneka munthu masabata, nthawi zina miyezi. Gadiyani amasiya ana ndi munda n'kumagona pansi, ndalama yonse n'kuthera m'thiransipoti.

Ndiye inu, maso anu akadali akuthwa, khalani maso a makolo anu. Madzulo alionse muziwayang'ana kumapazi: pakati pa zala, pansi pa phazi ndi ming'alu ya kuchidendene. Atsukeni ndi madzi ofunda amene mwayamba mwawayesa ndi dzanja lanu, muwapukute bwino pakati pa zala. Nsapato muzizikutumula asanavale. Asayende opanda nsapato ngakhale pakhomo, ndipo kumunda avale majombo osathina. Phazi ladzanzi musalole kuti litemedwe mphini.

Mukaona chilonda, kutupa, kutentha kapena khungu litasintha mtundu, musadikire tsiku la sikelo ya shuga. Akwezeni kabaza tsiku lomwelo, mupite nawo ku chipatala cha Domasi kapena cha St Luke's ku Malosa, buku lawo la kuchipatala lili m'manja. Akakuuzani kuti “sichikupweteka, mwanawe”, ayankheni mwaulemu kuti kusapwetekako ndiye matendawo. Mankhwala awo, kaya ndi metformin kaya jakisoni wa insulin, asadumphitse, ndipo fodya asiyiretu.

Nanunso musadziyese otetezeka. Shuga amayenda m'magazi a pamtundu. Ngati mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda popanda chifukwa, pitani mukayezetse sabata ino.