Kuimika Galimoto Pakhomo pa Boma la Lundazi

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, cha m'Meyi mpaka Seputembala, Boma la Lundazi limachepa. Makanta amabwera kuchokera kwa Mwase, kwa Kapichila ndi kwa Mphamba atasenza chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa. Malole aakulu amadikira katundu wopita ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180 pamsewu wa M12, ena n'kumalunjika kumalire a Lusuntha. Dzuwa likalowa, si onse amene amagona kudepoti. Ambiri amakagona kunyumba kwa dalaivala kapena kwa mwini wake, mutu uli m'bwalo, kumbuyo kwatsala mumsewu, woyenda pansi n'kumachita kulambalala m'ngalande.

Pulogalamu ya lero ikukamba za kaimikidwe koyenera ka galimoto pakhomo. Nkhaniyi ikukhudza mwini lole, ikukhudza mphunzitsi amene wangogula kagalimoto kake koyamba, ikukhudzanso mnansi amene alibe ngakhale njinga koma amadzutsidwa ndi kulira kwa injini tambala asanalire.

Mkangano ukabuka, mawu oyamba kumveka amakhala akuti, "Pano m'panga." Komatu pake pali polekezera. Puloti ya m'tauni ili ndi malire, ndipo malirewo ndi mabikoni, timiyala ta simenti tija tokhala ndi kachitsulo pakati timene oyeza malo amakwirira m'makona. Kamalo kamene kali pakati pa mabikoni akutsogolo ndi msewu si ka mwini nyumba, ngakhale amakasesa m'mawa uliwonse, ngakhale anabzalapo kapinga ndi maluwa. Ndi malo osungidwira msewu. Mmenemo ndimo mumadutsa ngalande, mapaipi a Eastern Water and Sanitation Company, mapolo a ZESCO ndi kanjira ka ana opita kusukulu. Kunja kwa matauni, lamulo la Public Roads Act la 2002 limapatsa msewu waukulu ngati M12 mamita 60 m'lifupi mwake. M'kati mwa tauni, mapu a khonsolo ndiwo amanena pamene msewu ukulekezera.

Choncho ntchito yoyamba ya munthu wofuna kuimika galimoto pakhomo ndi kufufuza mabikoni ake. Ngati anakwiririka kapena anazulidwa pomanga mpanda, atenge nambala ya puloti ndi mapepala a malo apite nazo ku ofesi ya mapulani kukhonsolo. Kuyerekeza ndi maso kapena kutsatira pamene mnansi anamanga mpanda wake kwasokeretsa ambiri, chifukwa mnansiyo naye mwina analowa mumsewu.

Mphamvu za khonsolo pa nkhaniyi si zongodzipatsa. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia monga anakonzedwera mu 2016 anaika m'manja mwa makhonsolo nkhani za kaimikidwe ka magalimoto, ngalande za m'tauni, phokoso ndi zinthu zosowetsa anthu mtendere. Lamulo la Local Government Act la 2019 limalola khonsolo kupanga malamulo akeake a m'dera lake. Palinso Urban and Regional Planning Act la 2015, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Town and Country Planning Act, ndipo ndilo limanena chimene puloti iliyonse iyenera kugwiritsidwira ntchito. Galimoto ikatuluka n'kuima pamsewu, imagwera pansi pa Road Traffic Act la 2002, ndipo kumeneko olankhula ndi apolisi a pamsewu ndi a RTSA. Omvera a ku Lumezi ndi ku Chasefu akumbukire kuti kuyambira 2018 madera awo ndi maboma paokha, kotero nkhani zawo zimapita kumakhonsolo awo.

Pamene bwanamkubwa wa boma la Lundazi Errol Button ankayamba kumanga nyumba yonga yachifumu m'mbali mwa damu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, magalimoto pa Boma anali owerengeka. Misewu ya m'makomboni yambiri inakula kuchokera ku tinjira ta miyendo ndi njinga. Lero tinjira tomweto tikuyembekezeka kulandira lole ya matani 30.

Galimoto yaing'ono ya banja ilibe mlandu ikaima m'kati mwa puloti. Imafuna malo okwana pafupifupi mamita awiri ndi theka m'lifupi ndi mamita asanu m'litali, kuwonjezapo mpata wotsegulira zitseko. Iyenera kulowa yonse, geti n'kutsekeka kumbuyo kwake. Geti lotsegukira kunja limatseka njira ya anthu, choncho labwino ndi lotsegukira m'kati kapena lokankha cham'mbali.

Vuto lalikulu lili powolokera ngalande. Munthu akaona kuti matayala akugwera, amatenga wilibala n'kuthira dothi, zidutswa za njerwa ndi matumba a mchenga mpaka ngalande itafanana ndi msewu. M'chilimwe palibe amene amadandaula. Mvula ya Disembala ndi Januwale ikagwa, madzi amafika pamenepo n'kusowa kolowera, ndiye amakhota. Ena amakumba msewu, ena amalowa pakhomo pa mnansi wa kumunsi n'kukadzaza chimbudzi chake. Wotseka ngalandeyo nthawi zambiri sakhala iye wovutika, n'chifukwa chake sachita changu kuitsegula. Njira yoyenera ndi kupempha chilolezo kwa injiniya wa khonsolo, iye n'kunena kukula kwa kalavati kapena silabu ya konkire yoyala pamwamba, madzi n'kumadutsa pansi. Kalavati yaing'ono kuposa ngalande yake imatsekeka ndi mapepala apulasitiki mvula yoyamba yomwe, ndipo kuiyeretsa ndi udindo wa amene amadutsapo tsiku ndi tsiku.

M'kati mwa bwalo namo muli zobisika. Nyumba zambiri pa Boma zimadalira sepitiki ndi dzenje lomwera madzi akuda, ndipo zivundikiro zake anaziumba kuti padutse munthu, osati galimoto. Galimoto yaing'ono imalemera tani imodzi kapena kupitirira pang'ono. Lole yonyamula matumba 600 a makilogalamu 50 yasenza matani 30, osawerengera kulemera kwa iyo mwini. Silabu ya sepitiki sichenjeza ikamatopa, imangoti tsiku lina phwa, tayala lili m'dzenje. Paipi yamadzi yochokera pamita nayonso imakhala yosazama kwenikweni, ndipo ikaphwanyikira kumbali ya nyumba, madzi otayikawo amalipira ndi mwini nyumba. Amene ali ndi chitsime pabwalo aimike galimoto kutali nacho ndiponso kumunsi kwake, kuti oilo ndi dizilo wodontha asatsikire m'madzi akumwa. Ayang'anenso kumwamba: waya wa magetsi wochokera papolo kupita kudenga ndi wotsika, ndipo lole yopakira matumba mpaka pamwamba imatha kumukoka.

Pansi poimikapo pafunika kulimbitsa. Matayala akamaponda malo amodzi m'dzinja amasiya mikwasa, m'mikwasamo mumaima madzi, ndipo m'timadzi toima padzuwa totere ndimo udzudzu wofalitsa malungo umakonda kuikiramo mazira. Nyengo yotentha, sabata ziwiri sizikwana udzudzu watsopano usanauluke. Gelevulo wotsendera bwino amathetsa zimenezi pa mtengo wochepa. Ena amathira konkire bwalo lonse kuchokera pakhonde mpaka pageti, poganiza kuti ndiko kutukuka, koma bwalo lotere silimwa madzi ngakhale dontho, onse amathamangira mumsewu. Ku England anaona vuto lomweli mpaka mu 2008 anakhazikitsa lamulo lakuti wofuna kuwaka bwalo lakutsogolo loposa masikweya mita asanu ndi zinthu zosalowa madzi, madziwo osawapatsa pomwera m'bwalomo, ayambe wapempha chilolezo. Mizere iwiri ya konkire kapena ya njerwa zoyala, poponda matayala pokha, imakwanira, pakati n'kusiya kapinga.

Nkhani imasintha galimoto zikachuluka kapena zikakula. Puloti yolembedwa kuti ndi yokhalamo anthu ndi yokhalamo anthu basi. Mwini wake akayamba kusungapo malole atatu, kupakira ndi kutsitsa matumba usiku, kuika sikelo pageti, kapena kulandira magalimoto a anthu ena kuti makanika aziwakonzera pamenepo, wasintha ntchito ya malowo. Lamulo la 2015 lija limati kusintha kotere kumafuna chilolezo cha akuluakulu a mapulani, monga mmene kumanga nyumba kumafunira. Munthu amalemba pempho, amapereka mapu a puloti osonyeza polowera ndi poimika, ndipo oyandikana naye amapatsidwa mpata wonena maganizo awo. Akachita popanda chilolezo, akhoza kulandira kalata yomulamula kuti aleke ndi kubwezeretsa malowo mwakale, ndipo kunyozera kalatayo ndi mlandu. Ena amaona ngati zimenezi n'kupondereza munthu wodzithandiza. Komatu amene amagona khoma limodzi ndi galaja yoteroyo ndiye amapuma utsi wake, ndipo phindu salandirako.

Oilo wakutha sathira pansi kapena m'ngalande. Lamulo la zachilengedwe la 2011, limene amayang'anira a ZEMA, limamuika m'gulu la zinyalala zoopsa. Asungidwe m'chigubu chotseka. Kusunga petulo m'zigubu pakhomo n'kumagulitsa kwa anjinga zamoto kumafuna laisensi ya Energy Regulation Board, ndipo thanki yonyamula mafuta siyenera kugona pakati pa nyumba za anthu ngakhale usiku umodzi. Anthu a ku Tete ku Mozambique sadzaiwala za pa Caphiridzange, m'boma la Moatize, pamene mu Novembala 2016 thanki yamafuta imene inaimikidwa pambali inaphulika anthu ataizungulira, n'kupha anthu oposa 70.

Ndiye pali magalimoto akufa. Pafupifupi komboni iliyonse ili ndi yake: yakhala pamiyala zaka, matayala anagulitsidwa, udzu wamera m'kati, mwini wake akuti akudikira sipeya yochokera ku Lusaka. Mmenemo mumabisala makoswe ndi njoka, ana amasewereramo pakati pa magalasi osweka. Oyang'anira zaumoyo akukhonsolo ali ndi mphamvu, pansi pa Public Health Act, yolamula kuti chinthu choopseza umoyo wa anthu chichotsedwe. Ngati ili yokonzeka, ikhale m'kati mwa mpanda, yofundika, pansi pake posesa. Ngati inatheratu, ogula zitsulo alipo.

Galimoto ikafera pamsewu kutsogolo kwa nyumba, lamulo limafuna zikwangwani ziwiri zofiira za makona atatu, china kutsogolo china kumbuyo, patali poti wobwera aone msanga. Nthambi za mitengo zimene madalaivala amakonda kuyala siziwala usiku, ndipo akachoka amazisiya pomwepo.

Ngozi yowawitsa mtima kwambiri imachitikira m'bwalo momwemo, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Mwana wongoyamba kuyenda saoneka pagalasi akaima kumbuyo kwa galimoto, ndipo nthawi yotentha ana amakonda mthunzi wa pansi pa lole. Dalaivala wanzeru amazungulira galimoto yake, n'kusuzumira pansi, asanalize injini, ndipo amafuna kuona mwana aliyense wa pakhomopo ali m'manja mwa wamkulu. Ndi bwinonso kulowa chobwerera madzulo kuti m'mawa atuluke choyang'ana kutsogolo. Pabwalo lotsetsereka, handibuleki yokha si yodalirika pa galimoto yolemera: aike m'giya ndi kutsekera matayala. Makiyi asatsale m'galimoto, ndipo injini isasiyidwe ikulira pafupi ndi windo la chipinda chogona kapena m'galaja yotseka, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wakupha umene sununkha.

Amene amachita lendi pa puloti ya mabanja angapo akambirane ndi alandilodi asanabweretse galimoto. Bwalo lotero ndi poyanika zovala, pophikira ndi posewerera ana a mabanja onse, ndipo mgwirizano wapakamwa umaiwalika msanga kuposa wolemba.

Ku Japan anaimaliza nkhaniyi mwanjira ina: kuyambira 1962, m'matauni mwawo munthu salembetsa galimoto wamba asanaonetse chikalata cha apolisi chotsimikizira kuti ali ndi poiimika. Zambia ilibe lamulo lotere, choncho funso limene Mjapani amafunsidwa ndi boma, wa ku Lundazi ayenera kudzifunsa yekha asanapereke ndalama kwa wogulitsa.

Kunja kwa malire a tauni, pa malo a mafumu, mabikoni kulibe ndipo mawu oyamba ndi a anyakwawa. Ngakhale kumeneko, njira yopita kumjigo, kumanda kapena kudambo kumene ng'ombe zimakamwa siitsekedwa ndi lole, ndipo malo osungidwira msewu wa boma amakhalabe a msewu.

Nanga mnansi wovutitsidwa achite chiyani? Ayambe ndi kupita kwa mwini galimoto, masana, mwaulemu, n'kutchula chimene chikumuvuta, kaya ndi madzi, utsi kapena geti lotsekedwa. Zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, auze khansala wa dera lake kapena komiti ya chitukuko ya wadi, imene lamulo la 2019 linakhazikitsa. Kuphwetsa matayala kapena kuika miyala mumsewu kumamusandutsa iyeyo wolakwa. Ngati nkhani yafika kukhonsolo, dandaulo likhale lolemba, lotchula nambala ya puloti, dzina la msewu kapena komboni, nambala ya galimoto ndi masiku amene vutolo linachitika. Alembe makalata awiri ofanana, imodzi asiye ku ofesi, inayo aidinditse chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa n'kupita nayo kunyumba.