Kodi Amosi ankadziwa kuti akuganiza?

Munthu amatha kukhala chete n'kumadzifunsa mumtima ngati zimene anachita dzulo zinali zabwino. Amadziona yekha akuganiza. Kudzizindikira kotereku kunayamba liti pakati pa anthu? Ena amati kunakula pang'onopang'ono pamodzi ndi ubongo, ena amati kunabwera ndi chilankhulo. M'phunziro lino tiona ganizo limodzi lokha, chifukwa limakhudza buku limene timatsegula Sabata lililonse.

Mu 1976 Julian Jaynes, katswiri wa za maganizo a munthu pa yunivesite ya Princeton ku America, anatulutsa buku lotchedwa The Origin of Consciousness in the Breakdown of the Bicameral Mind. Iye anati mpaka zaka pafupifupi 3,000 zapitazo anthu sankadzizindikira. Ankalima, ankamanga mizinda, koma akakumana ndi vuto lachilendo sankalingalira mumtima. Mbali ya kumanja ya ubongo inkatumiza mawu ku mbali ya kumanzere, ndipo munthuyo ankawamva ngati lamulo la mulungu, n'kumvera pomwepo.

Umboni wake sunali wachibwana. Anaona kuti mu Iliad, ndakatulo yakale ya Agiriki, ankhondo amachita zinthu mulungu akawauza, ndipo kawirikawiri sitiwaona akusinkhasinkha. Anatchula Wilder Penfield, dokotala wa ku Montreal, amene odwala ake ena ankamva mawu akakhudza ubongo wawo ndi mphamvu yochepa ya magetsi. Anatchulanso mwala wosemedwa wa mfumu Tukulti-Ninurta ya Asuri, wa cha m'ma 1230 Khristu asanabadwe. Pamwalapo mfumuyo yagwada, ndipo Jaynes anati yagwadira mpando wopanda kanthu chifukwa mawu aja anali atayamba kuzilala. Kwa iye, kulemba, nkhondo ndi kusamuka kwa mitundu ndizo zinathetsa mawuwo, munthu n'kuyamba kudzifunsa yekha.

Kenako anafika pa Baibulo. Anati Amosi, m'busa wa ku Tekowa, ankangobwereza mawu amene ankawamva m'mutu, pomwe Mlaliki, amene amasinkhasinkha za moyo ndi imfa, ndi munthu wa nyengo yatsopano. Ngati zili choncho, uneneri ndi phokoso la ubongo basi. Nkhani yotere sitingailumphe.

Choyamba, mfundoyi imadalira zaka. Jaynes anatsatira akatswiri amene amati Mlaliki analembedwa patapita nthawi kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo. Ife timaphunzitsidwa kuti analemba ndi Solomo, amene anakhala zaka pafupifupi 200 Amosi asanayambe kunenera. Tikatero, wosinkhasinkha uja ndiye woyamba, ndipo mzere wa Jaynes watembenuzika.

Koma tisadalire zaka zokha, poti mnzathu wosakhulupirira sadzavomereza. Tiyeni tiwerenge Amosi 7. Kumeneko mneneri aonetsedwa dzombe, kenako moto, ndipo kawiri konse achonderera Mulungu kuti aleke chifukwa Yakobo ndi wamng'ono. Wansembe Amaziya atamuthamangitsa ku Beteli, Amosi afotokoza mbiri yake, kuti anali woweta ziweto ndi wosamalira nkhuyu. Munthu wongomvera mawu ngati makina sangawachonderere kuti asinthe. Amosi akudziwa kuti mawuwo ndi ena, iye ndi wina, ndipo akumva chisoni chakechake.

Katswiri wa filosofi Ned Block anatsutsa Jaynes mwanjira ina. Anati kusowa mawu otchulira chinthu sikutanthauza kuti chinthucho kulibe. Apa ife ophunzira zauphunzitsi tikumbukira Lev Vygotsky wa ku Russia, amene anaona kuti mwana amayamba ndi kudzilankhulira mokweza akamasewera, kenako mawuwo amalowa mkati n'kukhala maganizo. Jaynes ananena zoona kuti chilankhulo chimaumba mmene timadzionera. Koma mwana wa zaka zitatu amene wabisa chikho chimene waswa amadziwa kale kuti ndi iye anachiswa, ngakhale mawu oti chikumbumtima sanawamvepo.