Kopanira waya n'kotchipa, koma n'komwe kamaletsa ngolo kupsa

Ophunzira anga, masiku ano ngolo zokokedwa ndi galimoto, zija ena amati tirela, sizongonyamulira matumba a chimanga okha ayi. Zina anthu amakazingiramo tchipisi, zina zimanyamula zokuzira mawu za pa ukwati, zina muli firiji ya zakumwa. Ngolo yotere imakhala ndi batire, mwina sola pamwamba, inveta, ndi kabokosi kogawira magetsi momwe muli mafiyuzi ndi maswitchi. Pogula zinthuzi, mwini wake amasankha mosamala batire ndi inveta chifukwa n'zodula. Koma kanthu kopanira waya pamene akulowa m'bokosi amangotola kalikonse, mwinanso osaikapo n'komwe. Lero ndikufuna tione chifukwa chake kanthu kameneka si kamasewera, ndipo tigwiritsa ntchito Fizikisi yomweyi ya Fomu 3 ndi Fomu 4.

Nyumba imakhala phee, ngolo imagwedezeka

Waya wa m'khoma la nyumba akaikidwa, waikidwa basi. Wa m'ngolo sapuma. Tiyeni tiwerengere. Tayala limene kuzungulira kwake ndi mamita 2, likayenda makilomita 60 limatembenuka ka 30,000. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, ndiye kuti matembenuzidwe oposa 150,000 ulendo umodzi wokha. Ngati tayalalo lili ndi kachilema pang'ono, kutembenuka kulikonse ndi kagwedezo kamodzi. Apa sitinawerengere maenje ndi misewu yafumbi ya kumudzi.

Kugwedezeka kumeneku kumabweretsa mavuto atatu. Loyamba, waya amakhulana ndi m'mphepete mwa bowo la chitsulo, pulasitiki yomukuta n'kumaperepeseka pang'onopang'ono mpaka kopa kuonekera. Lachiwiri, waya amakoka sikuluwu imene yamugwira m'bokosi mpaka kukhwepa. Lachitatu, kopa weniweniyo amatopa. Amene munapangapo galimoto zamawaya mukudziwa: popanda pulayala, mumangopindapinda waya pamalo amodzi, amatentha, kenako thyo! M'mabuku zimenezi amati metal fatigue. N'chifukwa chake m'galimoto ndi m'ngolo amaikamo waya wa timinyanda tambirimbiri ta kopa, osati wa mtima umodzi wolimba ngati wa m'makoma.

Waya akasupuka chimachitika n'chiyani?

Ambiri amati, "Aa, ndi ma volt 12 okha, sangaphe munthu." N'zoona kuti 12 V sikugwira munthu ngati magetsi a ESCOM, koma imayatsa moto. M'ngolo zambiri, mbali ya negative ya batire imalumikizidwa ku chitsulo cha ngoloyo. Waya wa positive akasupuka n'kukhudza chitsulo, magetsi apeza njira yachidule, ija timati shoti. Tiyerekeze kuti resistance ya njira yonseyo, kuphatikiza ya m'kati mwa batire, ndi 0.04 Ω. Lamulo la Ohm likuti I = V ÷ R, ndiye 12 ÷ 0.04 = 300 A. Mphamvu yake, P = VI, ndi 3,600 W, kuposa ketulo yamagetsi ya 2,000 W, ndipo zonsezi zikusanduka kutentha m'waya ndi m'batire. Pulasitiki ya PVC wamba imene imakuta mawaya inapangidwa kuti igwire ntchito mpaka pa 70 °C. Ngati palibe fiyuzi pafupi ndi batire, mphindi imodzi yachuluka: utsi tolo.

Vuto la sikuluwu yokhwepa ndiye lobisika kwambiri. Polumikiza pakakhwepa, resistance ya pamenepo imakwera. Tinene kuti yafika 0.1 Ω ndipo pakudutsa 20 A. P = I²R, ndiye 20 × 20 × 0.1 = 40 W, pa kamalo kochepa ngati njere ya chimanga. Kumeneko ndi kutentha kofanana ndi kwa kachitsulo kowotcherera mtovu kamene okonza mawailesi amagwiritsa ntchito. Tsono funso: kodi fiyuzi ipsa? Ayi. Fiyuzi imapsa current ikachuluka, ndipo apa current sinachuluke. Malo amenewa akhoza kutentha mwakachetechete mpaka pulasitiki kuyaka, fiyuzi ili bwinobwino.

Ngati m'ngolomo muli inveta yotulutsa 230 V, nkhani ndi ina. Waya wa live akakhudza chitsulo chimene sichinalumikizidwe bwino ku earth, ngolo yonse imakhala ndi magetsi. Matayala ndi a labala, ndiye magetsiwo amadikira njira. Njirayo ndi mwana amene wabwera kudzagula tchipisi osavala nsapato n'kugwira chitseko.

Zopanira zake zilipo mitundu itatu

Mukapita ku hadiweya, mayina ake ndi achingerezi, ndiye muwadziwe. Choyamba ndi grommet, kamphete ka labala kolowetsa m'bowo la chitsulo. Kamateteza waya kuti asachekeke, koma sikamugwira, mukamukoka amabwera. Chachiwiri ndi cable gland, imene imamangidwa pa bowo la bokosi ndi nati. M'kati mwake muli labala amene amafinya waya mbali zonse mofanana mukamanga chivindikiro chake. Imeneyi imagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: kuteteza ku m'mphepete mwa chitsulo, kugwira waya kuti asakoke sikuluwu, ndi kutchinga fumbi ndi madzi. Chachitatu ndi P-clip, kalamba kachitsulo kooneka ngati chilembo P, kokutidwa ndi labala, kogwirira waya ku chitsulo cha ngolo m'njira monse.

Palinso zopanira zachitsulo chokhachokha za masikuluwu awiri. Zimenezo zinapangidwira mabokosi a m'nyumba, osati malo ogwedezeka. Chifukwa chake chili mu phunziro la pressure.

P = F ÷ A ikugwira ntchito pano

Tiyerekeze kuti chopanira chikufinya waya ndi mphamvu ya 50 N. Ngati chikumukhudza ndi kam'mphepete ka 1 mm mulifupi ndi 5 mm mulitali, malo ake ndi 5 mm², kapena 0.000005 m². Pressure ndi 50 ÷ 0.000005 = 10,000,000 Pa, pafupifupi ka 100 kuposa ya mpweya umene watizungulirawu. Tsopano mphamvu yomweyo igawidwe ndi labala pa 250 mm². Pressure yatsika kufika 200,000 Pa, kuchepa ka 50. Mpeni umadula chifukwa chomwechi, eti? Chopanira chabwino chimagwira mwamphamvu koma pa malo otambalala. Choipa chimakhala mpeni wobuntha umene ukucheka waya ulendo wonse.

Posankha, yang'anani izi

Kukula. Yezani kunenepa kwa waya yense pamodzi ndi pulasitiki yake yakunja. Nambala ya 2.5 mm² yolembedwa pa waya ikunena za kopa wam'kati, osati kunenepa kwa kunja. Pa paketi ya gland amalemba malire ake, mwachitsanzo 6 mpaka 12 mm. Waya wanu akhale m'kati mwa malirewo. Gland ikakula, musakulunge tepi kuti waya anenepe. Tepi imafewa ndi kutentha, waya n'kupulumuka.

Maonekedwe. Gland ya bowo lozungulira ndi ya waya wozungulira mmodzi. Mukakanikizamo waya wafulati kapena mawaya awiri, pamatsala mipata.

Fumbi ndi madzi. Mudzaona zilembo monga IP65 kapena IP68. Nambala yoyamba ikunena za fumbi, ndipo 6 ndiyo yapamwamba, fumbi sililowa. Yachiwiri ikunena za madzi: 5 ndi madzi opopera, 7 ndi 8 ndi kumizidwa. Pansi pa ngolo, pamene matayala amawaza matope nthawi ya dzinja, sankhani yosachepera IP65. Ngati n'kotheka, waya alowere kunsi kwa bokosi, madzi oyenderera pa waya azigwera pansi.

Chopangira. Gland ya nayiloni sichita dzimbiri ndipo sidutsa magetsi. Timalamba tapulasitiki tomangira mawaya n'tabwino pophatikiza mawaya m'mtolo, koma toyera timauma ndi dzuwa n'kuthetheka. Panja ikani takuda tolembedwa kuti timapirira dzuwa, ndipo tisalowe m'malo mwa P-clip.

Mipata. Ine ndimalangiza kuti ma P-clip atalikirane masentimita 30 mpaka 40, ndipo ina ikhale pafupi ndi bokosi. Waya asalendewere, komanso asakungike ngati nsambo ya gitala. Musiyireni kampata kopumira, makamaka pamene ngolo imapindika.

Kumanga. Mangani mpaka waya asasunthe mukamukoka ndi dzanja, magetsi atazimitsidwa. Pulasitiki ikayamba kutuphuka m'mbali, mwapyoza muyezo.

Kamfundo kena ka a Fomu 4

Mu 1831 Michael Faraday anaonetsa kuti maginito akamasintha pafupi ndi chitsulo amayambitsa magetsi m'chitsulomo. Magetsi a AC a 50 Hz amapanga maginito osinthasintha kuzungulira waya. Mukadutsitsa live pa bowo lake ndi neutral pa bowo lina m'bokosi lachitsulo, chitsulo chimayamba kutentha, makamaka current ikakhala yambiri. Koma onse akadutsa pa bowo limodzi, current zawo zimayenda mosemphana ndipo maginito awo amafafanizana. Choncho waya mmodzi wokhala ndi live, neutral ndi earth m'kati, pa gland imodzi, ndiye njira yake.

Ndikuchenjezeni: phunziro ili si chilolezo chotsekula bokosi la 230 V. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka ndi MERA. Gawo lanu ndi maso. Mukaona waya akudutsa pa bowo lachitsulo popanda labala m'ngolo ya amalume anu, auzeni mwaulemu, ndipo awonetseni masamu ake.

Yeserani izi mu kope lanu

1. Firiji ya 60 W ikugwira ntchito pa 12 V. Pezani current. Nanga ikanakhala ya 230 V?
2. Polumikiza pena pali resistance ya 0.05 Ω ndipo pakudutsa 30 A. Pakutuluka kutentha kwa ma watt angati? Kodi fiyuzi ya 40 A ipsa? Fotokozani.
3. Tengani zidutswa ziwiri za waya wakutha, wina wa mtima umodzi, wina wa timinyanda. Pindanipindani aliyense pamalo amodzi, mukuwerenga, mpaka athyoke. Lembani manambala anu ndi chifukwa chimene asiyanirana.