Gitala ikamaluma zala, yambani mwaiyeza

Anzanga ambiri amene anayamba kuphunzira gitala n'kusiya amati zala zinkawawa, ena amati alibe luso. Nthawi zambiri vuto silikhala munthu ayi, koma gitala yosakonzedwa. Ine ndimasamala gitala ya kwaya ya kwathu. Zina mwa izi anandiphunzitsa ndi amalume, zina ndi Physics yomweyi timaithawayi.

Kamvekedwe ka nsambo kamadalira zinthu zitatu: kutalika kwake, kunenepa kwake, ndi mmene mwaikungira. Nsambo ya A ikalira osaigwira imanjenjemera ka 110 pa sekondi imodzi. Mukaidina pa fureti ya nambala 12 mwaidula pakati, ndiye imanjenjemera ka 220. Ndi A yemweyo koma wam'mwamba. A Fomu 3, nkhani ya mafunde ija ndi imeneyi.

Pa fureti 12 pomwepo ndi poyezera matenda. Tengani rula ya mu seti ya masamu, muyeze mpata wochokera pamwamba pa chitsulo cha fureti kufika kunsi kwa nsambo yonenepa kwambiri. Pa gitala wamba mpatawu uzikhala mamilimita 2 kapena 3. Ukafika 5 kapena 6, ndiye gitala yoluma zala ija. Komanso podina mumaikoka nsambo mopitirira, mawu n'kukwera, kwaya yonse n'kumakuyang'anani ngati mwalakwa ndinu.

Mankhwala ake ali pa kafupa koyera kamene nsambo zimatsamira kumimba kwa gitala. Masulani nsambo, kachotseni, kapaleni kunsi pa sandipepa mutayala pa tebulo losalala. Apa pali masamu okoma: popeza fureti 12 ili pakati, mukapala milimita imodzi pa kafupa, mpata uja umatsika ndi theka la milimita basi. Palani pang'ono, bwezerani, yezani. Mukapala kwambiri nsambo zimayamba kukhudza mafureti n'kumalira ngati njuchi. Pa besi ndi gitala yamagetsi simupala kanthu, pali timasikuluwu tokwezera ndi kutsitsira nsambo iliyonse payokha. Koma chitsulo chimene chili mkati mwa khosi, chija amapotokola ndi Allen key, asiyireni odziwa. Chikathyoka, gitala yatha.

Posintha nsambo, ine ndimasintha imodziimodzi, kuti zinazo zindikumbutse malo ndi kachunidwe: E, A, D, G, B, E, ndipo pa besi E, A, D, G. Ikulungeni kawiri kapena katatu pa kiyi, ichuneni, ikokeni pang'ono ndi chala, ichuneninso. Yatsopano imatamuka masiku oyamba, musadabwe. Chenjezo lalikulu nali: nsambo 6 zachitsulo zimakoka ndi mphamvu yofika makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga. Mukaziika pa gitala yopangidwira nsambo za nailoni, thabwa lake limatukuka kapena kumatuka kumene.

Nsambo zatsopano n'zodula, ndipo kuno ku Namwera sizipezeka wamba. Mpaka wina atsike ku Mangochi pa boma, mwinanso kutumiza wopita ku Limbe. Choncho zisamaleni. Thukuta la m'manja ndi chinyezi cha dzinja ndi zimene zimabweretsa dzimbiri, ndiye mukatha kuimba pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma, kunsi komwe. Nsambo za besi zikafa mawu, ena amaziwiritsa m'madzi mphindi 10 n'kuziumitsa bwinobwino. Zimabwererako, koma kwa kanthawi. Gitala musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.

Amene alibe gitala ya m'sitolo asaganize kuti izi sizikuwakhudza. Banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga imamvera malamulo omwewa. Babatoni wa Madalitso Band ali ndi nsambo imodzi yokha, koma wayenda mpaka ku Ulaya. Mukamakhoma mafureti pa banjo yanu, yezani kuchokera pomwe waya wayambira kufika pa kafupa, gawani pawiri, ndipo fureti 12 ikhale pamenepo.