Axolotl: Kasungidwe Kake M'thanki ndi Phunziro Lake pa Ulimi wa Nsomba

Mawu Oyamba

Alangizi anzanga, phunziro lino likuchokera ku dziko la Mexico. Likunena za nyama ya m'madzi yotchedwa axolotl, imene akatswiri a sayansi amaitcha Ambystoma mexicanum. Anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America amaiweta m'nyumba zawo m'mathanki agalasi, pamene kwawo kwenikweni yatsala pang'ono kutha. Zimene zimaivuta m'thanki, ndiponso zimene zinaiononga kwawo, n'zomwe ife timakumana nazo polangiza alimi a nsomba.

Maonekedwe a Nyamayi

Axolotl ndi wachibale wa achule ngakhale thupi lake limafanana ndi la buluzi. Mbululu ikakula imasanduka chule ndi kutuluka m'madzi, koma nyama iyi imakula mpaka kuswana ili m'madzi momwemo. Ili ndi ziwalo zopumira zangati nthenga, zitatu mbali iliyonse ya mutu. Yaikulu imatalika pafupifupi masentimita 23. Mwendo wake ukaduka umaphukanso, ndipo n'chifukwa chake akafukufuku amaikonda. M'chaka cha 1864 nyama 34 zinafika ku Paris, ndipo zambiri zimene zimawetedwa lero ndi zidzukulu za zimenezo.

Kusunga Zingapo M'thanki Imodzi

Nyamayi siifuna inzake kuti ikhale bwino. Wofuna kusunga zingapo pamodzi ayenera kutsata mfundo izi:

1. Zikhale za msinkhu umodzi. Maso ake saona bwino, motero imakwatula chilichonse choyenda pafupi ndi kamwa lake. Yaikulu imameza yaing'ono, ndipo zazing'ono zimadulana miyendo, makamaka zikakhala ndi njala.

2. Malo akhale okwanira. Oweta ambiri amalangiza malita osachepera 75 pa nyama imodzi, ndi kuonjezera malo nyama zikachuluka. Iliyonse ikhale ndi pobisala pake, monga kachidutswa ka paipi kapena mphika.

3. Madzi akhale ozizira, pakati pa madigiri 16 ndi 18. Akapitirira madigiri 24 nyamazi zimasiya kudya ndipo matenda amazigwira msanga.

4. Madzi akhale aukhondo. Ndowe ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya amene amaononga ziwalo zopumira. Nyama zikachuluka amoniya amachulukanso, choncho pamafunika sefa ndi kusintha gawo la madzi mlungu uliwonse.

5. Pansi pa thanki pasakhale timiyala ting'onoting'ono, chifukwa zimatimeza pamodzi ndi chakudya ndipo timatseka matumbo.

6. Musaikemo nsomba. Zina zimajejeda ziwalo zopumira zija, zina zimadyedwa.

7. Yamphongo ndi yaikazi zikakhala pamodzi zimaswana, ndipo yaikazi imaikira mazira mazanamazana nthawi imodzi. Wosakonzeka kulera ana ochuluka chotero azilekanitse.

Zimene Zinachitika ku Xochimilco

Kwawo kwa nyamayi ndi m'ngalande za Xochimilco, kum'mwera kwa mzinda wa Mexico City. Kumeneko alimi akhala akulima kwa zaka mazana ambiri m'minda yotchedwa chinampa. Awa ndi mabedi aatali omangidwa m'dambo ndi matope pamodzi ndi zomera zam'madzi, ndipo m'mbali mwake amabzalamo mitengo yogwira nthaka. Amalimamo chimanga, ndiwo zamasamba ndi maluwa chaka chonse, monga timachitira m'madimba athu.

Zinthu zitatu zinasokoneza malowa: kukula kwa mzinda, madzi akuda otayidwa m'ngalande, ndi nsomba zachilendo. Cha m'ma 1970 ndi 1980 anabweretsamo nsomba za carp ndi tilapia, pofuna kuti anthu apeze ndiwo. Cholinga chinali chabwino, koma nsombazo zinayamba kudya mazira ndi ana a axolotl ndi kulimbirana nazo chakudya. Kalembera wa 1998 anapeza nyama pafupifupi 6,000 pa sikweya kilomita imodzi. Mu 2008 zinatsala pafupifupi 100, ndipo mu 2014 sizinakwane 40. Kuyambira 2006 bungwe la IUCN limaiwerengera m'gulu la nyama zimene zili pangozi yaikulu ya kutha.

Akatswiri a pa yunivesite ya UNAM, motsogozedwa ndi Luis Zambrano, anagwirizana ndi alimi a chinampa kutchinga ngalande zina ndi zotchingira zimene zimalola madzi kudutsa koma zimakaniza nsomba. Alimiwo amalima popanda mankhwala oononga madzi. Motero malo opulumukirako nyamayi ali m'manja mwa mlimi.

Phunziro kwa Ife

Tilapia wa ku Nile, Oreochromis niloticus, ndi yemwe anakhazikika ku Xochimilco, ndipo kuno kwathu tikumudziwa. Atathawa m'malo owetera nsomba analowa m'nyanja ya Kariba, kumene walanda malo a Oreochromis mortimeri, nsomba ya komweko. Mu mtsinje wa Kafue akuswana ndi Oreochromis andersonii ndi kusakaniza mtundu wake. Nsomba ikalowa mu mtsinje sitingathe kuichotsamo, ndipo siima pa malire a dziko.

Choncho mlangizi asalimbikitse mbewu ya nsomba imene malamulo a dziko lake sailola m'dera limenelo. Ku Malawi, mwachitsanzo, makumba ndi chilunguni ndi nsomba za komweko zimene zimachita bwino m'maiwe. Pothira mbewu m'dziwe, alimi aike nsomba za msinkhu umodzi, makamaka milamba imene imadyana. Asachulutse nsomba kuposa kukula kwa dziwe, ndipo aike sefa polowera ndi potulukira madzi.

Mafunso Okambirana

1. Kodi alimi a m'dera lanu amagula kuti mbewu ya nsomba, ndipo ndi ya mtundu wanji?

2. Maiwe a m'dera lanu akasefukira nthawi ya dzinja, madzi ake amathera mu mtsinje uti?